Juzi Yobwezedwa M'jumbo

Foni ya Rabecca inali itaphunzira kukhala chete, ndipo bata limenelo linkamusowetsa mtendere kuposa phokoso.

Kale, asanasambe n'komwe m'maso, inkanjenjemera pansi pa pilo: "Wadzuka bwanji? Uvale zofunda, kunja kwavuta." Masana: "Wadya?" Madzulo: "Wafika kunyumba?" Biswick ameneyo. Mameseji ake ankabwera motsatizana ngati nyerere, ndipo Rabecca ankawayankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba, kapena "ok" wouma gwa. Ankadandaula kwa Wezzie, mnzake wa chipinda chapansi, kuti mnyamata ameneyu samupatsa mpata wopuma. Tsono onani lero. Mwini dandaulo uja ndi amene anakhala pa bedi m'kachipinda kake ka ku Edmonton, mu London, atadzikulunga bulangeti, akutembenuza foni uku ndi uku kuti aone ngati netiweki ilipo. Netiweki inalipo, abale. Amene kunalibe ndi Biswick.

Anadziwana kutchalitchi ku Tottenham. Biswick anali nesi, kwawo ku Mponela, munthu woti akalowa m'chipinda ana amamuthamangira. Ankanyamulira azimayi achikulire zikwama, ankaperekeza alendo ku siteji ya basi, ndipo moni wake unali wokumbatira. Rabecca ankasamalira okalamba, ndipo moni wake unali wa nsonga za zala. Munthu akamukumbatira, thupi lonse linkauma mpaka womukumbatirayo ankapepesa yekha.

Si kuti anali wonyada ayi. Mayi ake atamwalira iye ali wamng'ono, anakulira kwa azakhali ake ku Chilobwe. Azakhaliwo sankamumenya, sankamumana chakudya, koma chilichonse m'nyumbamo chinali chobwereka. "Bulangeti limeneli ndi la Alinane, wangobwereka." "Nsapato zimenezo usamale, mwini wake azifuna." Alinane, mwana wa m'nyumbamo, ankagona pamiyendo ya mayi ake akumukanda m'mutu, Rabecca ali poteropo akusenda nandolo. Choncho anakula ndi lamulo limodzi mumtima: cha eni ubweze msanga, asanachite kukulanda.

*

Tsiku limene anamulola Biswick linali Lamlungu la mu Novembala, atatuluka m'tchalitchi. Anaima pa siteji, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Biswick anali atamufunsira kambirimbiri, ndipo tsiku limenelo anangofunsa mofooka, ngati munthu wozolowera kukanidwa.

"Chabwino," anatero Rabecca, maso ali pa msewu. "Tiyese."

"Wati chani?"

"Wamva. Usandibwerezetse."

Biswick anaseka mpaka mayi wina wachizungu anacheuka. Anatambasula manja kuti amukumbatire, Rabecca n'kubwerera m'mbuyo. Mnyamatayo anatsitsa manja osadandaula. Anamuyang'ana mmene ankanjenjemerera m'kajekete kake kopyapyala, kenaka anavula jekete lake, n'kuvulanso juzi ya mkati, yabulawuni, yokhuthala, mkono umodzi wotalikirapo kuposa unzake. Anamuveka ngati akuveka mwana.

"Analuka ndi mayi anga ndisananyamuke," anatero. "Ikhale kwa iwe."

Juzi ija inali idakali yofunda ndi thupi la mwini wake. Rabecca anakwera basi, ndipo njira yonse mpaka ku Edmonton sanamve kuzizira.

Ankaivala akaweruka, ankagona nayo, ankaphika nayo tiyi. Ndiye m'mawa wina anadzipeza ataiika kumaso, akununkhiza fungo la Biswick, misozi ili chuchuchu popanda chifukwa. Anachita mantha. Mawu a azakhali ake anamubwerera ngati ali m'chipinda momwemo. Anaichapa bwinobwino ndi manja, anaiyanika pa hita, anaipinda, n'kuiika m'jumbo. Lamlungu lotsatira Biswick anali pa shifiti, choncho anaipereka kwa mlongo wake wamkulu, a Margaret, pakhomo la tchalitchi.

"Achemwali, mukampatse Biswick. Ndachapa."

A Margaret anasuzumira m'jumbomo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira koyamba chidziwanireni.

"Wachita bwino, mwana iwe. Sunatitayitse nthawi."

Madzulo ake kunabwera meseji imodzi yokha: "Ndalandira. Ndamva. Mulungu akudalitse, Rabecca." Ndipo iye, kalanga ine, anayankha ndi kachala kaja koloza m'mwamba.

*

Loweruka m'mawa anatsikira kukhitchini n'kupeza Wezzie akukazinga mazira, foni ili m'dzanja lina.

"Iwe, ndi zoona zimene zikukambidwa ku gulu la amayi a kutchalitchi?"

"Zoti chani?"

"Zoti wamukana Biswick. Ati wabweza chikole."

"Chikole chanji? Ine sindinalandire chikole cha munthu."

"Juzi."

"Juzi ndi juzi. Anandibwereka chifukwa kunkazizira."

Wezzie anazimitsa moto n'kutembenuka, dzanja lili m'chiuno. "Anati chani pokupatsa?"

"Anati ikhale kwa ine."

"Linali tsiku liti?"

"Tsiku limene ndinamulola."

"Mayo ine! Mwamuna wa ku Mponela, tsiku limene wamulola, wavula chovala choluka mayi ake omwalira, wakuveka, wakuuza kuti chikhale kwa iwe. Umafuna akulembere pa chikwangwani? Kwawoko mtsikana akalola, mnyamata amasiya kanthu, kaya mpango kaya malaya, kuti aliyense adziwe kuti pano pali mwini. Ukabweza, ndiye kuti chibwenzi chatha. Ndipo iwe sunangobweza, wadzera kwa mlongo wake wamkulu, pakhomo la tchalitchi, anthu akuona. Seriously, Rabecca, ngakhale loya sangathetse nkhani mwadongosolo chonchi."

Mawu oti chikole Rabecca ankawadziwa, nanga ndani sawadziwa. Koma m'mutu mwake zinali za kumudzi, za mipango ndi mikanda ya agogo. Sanaganizepo kuti chikole chingakupeze pa siteji ya basi ku Tottenham, pafupi ndi shopu ya nkhuku zokazinga. Anakhala pa mpando.

"Bwanji sanandifunse?"

"Nanga iwe unamufunsa? Safunsa anadya phula. Awiri nonse mwadya." Wezzie anazengereza pang'ono, kenaka anamupatsa foni. "Komanso uone ichi. Kuli bwino uchione kwa ine."

Chinali chithunzi cha pa status ya Monde, mtsikana wa ku Lusaka woimba kwaya, amene a Margaret ankamutcha mwana wawo. Anakhala pa sofa, kapu ya tiyi m'manja, akuseka mano onse panja. Anavala juzi yabulawuni, mkono umodzi ataupinda. Pansi pake analemba kuti: "Winter sorted."

Rabecca anabweza foni ija mosamala kwambiri, ngati ndi dzira.

"Zili bwino," anatero. "Si yanga."

"Bodza limenelo ukanene kwina. Idya dzira."

Sanadye. Anakwera kuchipinda kwake n'kutseka chitseko.

*

Analemba kuti: "Biswick, panali kusamvetsetsana." Anafufuta. Analemba kuti: "Ndaona kuti juzi yapeza mwini." Anafufutanso, poona kuti ndi nsanje yosavala. Analemba "Hi" n'kumuyang'ana "Hi" ameneyo nthawi yaitali, mpaka anayamba kuoneka ngati chipongwe.

Anakwera m'mwamba mwa macheza awo n'kuyamba kuwerenga mameseji akale. Uwu wokumbutsa ambulera. Uwu wofunsa ngati chifuwa chija chatha. Uwu wongonena kuti, "Ndadutsa pa shopu ina ndaona chigumu, ndakukumbuka." Mbali ya Biswick inali yodzaza, mbali yake inali ya tizala tokhatokha. Anamva manyazi, ndipo pansi pa manyazipo anamva kusungulumwa kumene anali atakuzolowera kwa zaka zambiri mpaka kuleka kukutchula dzina. Mu London muno, mwa anthu osawerengeka, munali munthu mmodzi yekha amene ankafuna kudziwa ngati iye wadya. Ndipo munthu ameneyo anali atamubwezera m'jumbo.

Chiyambire moyo wake Rabecca anali asanapitepo pakhomo pa munthu kukapempha kanthu. Anavala kajekete kake kopyapyala kaja n'kutuluka, asanapeze nthawi yosintha maganizo.

Kuchokera ku Edmonton kukafika ku Thamesmead, kumene Biswick ankakhala ndi a Margaret, ndi ulendo, sitima kenaka sitima ina kenaka basi. M'basimo anakhala pawindo. Kutsogolo kwake kunali agogo awiri, mwamuna ndi mkazi, atagwirana manja m'thumba limodzi la jekete. Anayang'ana kumbali.

*

Chitseko cha fulati anatsegula ndi a Margaret. Anali atavala diresi la chitenje ndi duku lake, ngati akuyembekezera alendo aulemu. Atamuona, nkhope inagwa.

"Kwagwanji?"

"Ndimafuna kuonana ndi Biswick, achemwali."

"Wapita ku shopu. Uli ndi katundu wina woti ubweze? Ungosiya pompano."

"Sindinadziwe kuti juzi ija ndi chikole."

A Margaret anaseka, koma osati kuseka kwa chisangalalo. "Sunadziwe. Ndiwe Mmalawi wa kuti? Tamvera, Rabecca, ndikuuze zoona popeza wabwera wekha. Ine sindidana nawe. Koma mlongo wanga ndamulera ndine, ndipo ndakhala ndikumuona akuuma chifukwa cha iwe. Akudya, diso lili pa foni. Akugona, foni ili m'manja. Munthu ungamugwire dzanja n'kulichotsa ngati wagwira mbaula? Mwana ameneyu akufunika mkazi womusekerera, osati firiji."

Mawuwo anamulasa, chifukwa sanali abodza onse. Asanayankhe, kumbuyo kwa a Margaret kunatulukira Monde, juzi ija ili m'thupi, fungo la perefyumu yake litafika kale pakhomo.

"Ah, ba Rabecca! Ngenani, kunja kuli mphepo maningi." Anamukumbatira asanakonzeke, ndipo tsaya la Rabecca linakhudza ulusi uja. Fungo la Biswick munalibenso. "Muli chabe bwino? Mwauma monga ice."

"Ndili bwino."

"Ba Margaret ndiye ananipasa iyi," anatero Monde, akusisita mkono wa juziyo. Maso ake anali okoma, koma sanali opusa. "Ati mwine wake anaikana. Ine nikapasiwa vintu sinibweza, ba Rabecca. Nimasunga."

Pamenepo anamva mapazi pa masitepe. Biswick anatulukira atanyamula majumbo awiri, ndevu zosameta, masaya atalowa. Ataona Rabecca anaima. Ataona Monde ndi juzi ija, anayang'ana mlongo wake.

"Achemwali, juzi imeneyo ndinaiika m'sutikesi."

"Mwana amazizidwa. Ndimusiye afe? Si ndiwe umati tizithandiza anthu?"

Monde anathamanga kukalandira majumbo aja, n'kumugwira Biswick pamkono mopepuka, mosaganizira n'komwe, ngati mmene munthu amagwirira chitseko cha kwawo. Rabecca anaona dzanja limenelo ndipo anachita nsanje, osati ndi Monde yekha, koma ndi kuphweka kwa chinthucho.

"Biswick," anatero Rabecca. "Ndingakulankhule panja?"

"Musachedwe," anatero a Margaret. "Kuli foni yofunika masana ano."

*

Anayenda mpaka pa khoma la m'mbali mwa mtsinje. Madzi anali otuwa, kumwamba kotuwa, mbalame zoyera zikulira pamwamba pa matope. Biswick anali atatuluka wopanda magolovesi, ndipo anaika manja m'khwapa.

"Sindinadziwe," anayamba Rabecca. "Wezzie ndi amene wandiuza lero. Ndinkaganiza kuti wandibwereka."

"Ndinati ikhale kwa iwe."

"Ndinamva."

"Ndiye?"

Rabecca anayang'ana madzi. Zinali zosavuta kuima pa "sindinadziwe" n'kutsuka mlandu. Koma anali atayenda ulendo wonsewo, ndipo theka la choonadi silikanamubwezera kanthu.

"Ngakhale ikanakhala yobwereka, sunandiuze kuti ndibweze. Ndinabweza chifukwa ndinayamba kuikonda. Ndinkagona nayo, Biswick. Ndinkainunkhiza ngati wamisala. Ndiye ndinaona kuti tsiku limene udzaifune ndidzafa nazo, kuli bwino ndibweze ndekha ndidakali ndi mphamvu. Kwa azakhali kumene ndinakulira kunalibe chinthu changa. Ine munthu akandiyandikira, ndimayamba kuganiza za tsiku limene adzachoke."

Biswick anatsamira khoma lija.

"Ukudziwa chifukwa chake sindinakufunse?" anatero. "Ndinkayembekezera kale. Jumbo lija litafika ndinangoti, eya, zafika. Mayi anamwalira ine ndili pa shifiti, foni ili mu loka. Anandiimbira, ndinapeza ma missed call basi. Chiyambire pamenepo, munthu amene ndimamukonda akakhala chete, mtima wanga sukhala pansi. Ndikakutumizira meseji ndimayang'ana timizere tija tosonyeza kuti wawerenga. Ukachedwa ndimati ndalakwa, ndiye ndimatumiza ina. Ndikudziwa kuti ndimakutopetsa."

"Umanditopetsa."

Anaseka pang'ono, koyamba. "Zikomo."

"Koma masiku ano foni yanga ili ngati yakufa. Palibe wandifunsa ngati ndadya."

"Wadya?"

"Ayi."

"Ukuona tsono." Anapukusa mutu, kenaka nkhope inalimbanso. "Rabecca, ine sindingathe kumangothamangitsa munthu amene akuthawa. Ndatopa, osati nawe, koma ndi mantha. Ndikakuyandikira umabwerera m'mbuyo. Ndinakutumizira mawu otsanzika, iwe n'kundiyankha ndi chala. Ndinalira ngati mwana m'chimbudzi cha kuntchito, ndikuuze. Ngati ukufuna kanthu kwa ine, unene ndi pakamwa."

Manja ake anali atatuluka m'khwapa polankhula, ndipo Rabecca anaona kuti zala zachita kutuwa ndi kuzizira. Kuntchito, asanagwire nkhalamba iliyonse, ankayamba wauzira mpweya m'manja mwake n'kuwatikita mpaka atenthe, kuti asaidzidzimutse. Ankachita zimenezo tsiku ndi tsiku kwa anthu a eni, chifukwa ndi ntchito. Kwa munthu wake anali asanachitepo.

Anauzira mpweya m'manja. Anawatikita. Kenaka anatenga manja a Biswick onse awiri n'kuwafumbata pakati pa ake.

Biswick sanasunthe. Anangotseka maso, ndipo mapewa ake, amene anali atakwera mpaka m'makutu, anatsika pang'onopang'ono. Rabecca anadikira kuti thupi lake liume monga mwa masiku onse. Linauma ndithu, koma sanachotse manja, ndipo patapita kanthawi linayamba kumasuka lokha.

"Ndikufuna juzi yanga," anatero.

"Bwereza."

"Ndinakuuza kale kuti usamandibwerezetse." Misozi inali itafika pachibwano. "Ndikufuna juzi yanga, Biswick. Ndikufuna uzindifunsa ngati ndadya. Osati kakhumi pa tsiku, koma uzindifunsa. Ndikachita mantha ndizikuuza m'malo mothawa. Sindikulonjeza kuti ndisintha mawa."

"Ine ndichepetsa mameseji."

"Usachepetse kwambiri."

Anabwerera atagwirana dzanja. Rabecca ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano, akuona ngati mawindo onse a ku Thamesmead akumuyang'ana, koma sanasiye. Pa masitepe Biswick anaima.

"Monde ndimulankhula ndine, mofatsa. Sanalakwe kanthu, sindikufuna kumuchititsa manyazi."

"Mapanga awiri avumbwitsa."

"Phanga ndi limodzi. Ungondipatsa mpata ndipeze mawu abwino."

Apa ndiye panali vuto la Biswick, ndipo Rabecca ankalidziwa. Kukoma mtima kumene anamukondera n'komwenso kunkamumanga lilime. Mwana ameneyu akanatha kudya ndiwo zowawa mchere mpaka mbale kuyera, pofuna kuti wophika asakhumudwe.

*

Atalowa, a Margaret anaona manja ogwiranawo ndipo milomo inawauma. Monde anali atakhala pa sofa, tsitsi atalikonzanso, milomo atapaka.

Rabecca sanadikire kuti Biswick apeze mawu ake abwino aja. Anadziwa kuti akadikira, mphamvu zimuthera.

"Achemwali, ndinalakwitsa ndipo ndapepesa. Chikole sindinabweze ndi mtima. Monde, pepa, juzi imeneyo ndi yanga. Ndikuipempha."

Monde anayang'ana Biswick, kudikira kuti atsutse. Biswick anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kuvomereza. Nkhope ya mtsikanayo inasintha, maso anadzaza, ndipo anagwira m'munsi mwa juzi ija ngati akufuna kuivula.

Nthawi yomweyo foni ya a Margaret inalira patebulo.

"Usavule," anatero a Margaret mwachangu. "Khala momwemo." Anadina foni n'kuikweza m'mwamba, mawu atasanduka uchi. "Amalume! Mwaswera bwanji? Mukutiona bwinobwino?"

Pa foniyo panaoneka nkhope ya bambo wokalamba, wowonda, atavala chipewa chaulusi, atayandikira kwambiri kamera. Anali a Greenwell, mlongo wawo wa malemu mayi a Biswick, mwini mbumba, amene mawu ake ndi omwe amamanga kapena kumasula ukwati wa ana a mlongo wake. Anali atangotuluka kumene m'chipatala. Tsopano Rabecca anamvetsa za diresi la chitenje lija, za duku, ndi za foni yofunika ya masana ano.

"Ndikukuonani, ana anga. Mlendo mumanena uja ali kuti?"

A Margaret anatembenuza foni n'kuilozetsa pa sofa. Monde anazengereza kamphindi kochepa chabe. Kenaka anasiya m'munsi mwa juzi muja, anatsetsereka pa sofa n'kugwada pa kapeti, manja ali pamodzi.

"Muli bwanji, ba malume?"

Mkuluyo sanayankhe moni. Anayandikiranso kamera, maso akuphethira.

"Juzi imeneyo," anatero, mawu akusweka. "Margaret, si ija analuka mayi ako? Ulusi wake ndinakagula ndine pa msika wa Mponela. Ankaluka maso atayamba kale kuvuta, n'chifukwa chake mkono wina unatalika. Ankati, mwana wanga akupita kozizira, ndipo akadzapeza mkazi adzamuveke imeneyi." Anapukuta misozi ndi chikhatho. "Nditamva kuti woyamba uja wabweza, ndinadwala nazo. Ndinati mlongo wanga wanyozeka m'manda. Koma taonani Mulungu. Tsopano ngakhale nditafa mawa, ndaona ndi maso anga. Biswick ali pomwepo?"

"Ali pompano, amalume."

"Mpatse foni."

Rabecca anali ataima pambali, kumene kamera sinkafika. Anafinya dzanja la Biswick mwamphamvu, iye amene moyo wake wonse ankayamba ndiye kusiya.

A Margaret anatambasula foni ija, maso ali pa Rabecca. Ndipo Biswick, mwana woleredwa bwino, sakanalandira malume ake ndi dzanja limodzi. Anasolola zala zake pang'onopang'ono, n'kulandira foniyo ndi manja awiri, atawerama.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Greenwell, akumwetulira m'misozi. "Undiuze wekha ndimve, ndiyambe kuuza anthu kuno. Ndi ameneyu?"

Biswick anatsegula pakamwa. Anayang'ana nkhalamba yodwalayo, anayang'ana Monde ali chigwadire m'juzi ya mayi ake, kenaka anacheukira kwa Rabecca. Mawu sanatuluke.

"Netiweki yavuta kodi? Biswick, ndafunsa. Ndi ameneyu?"

Rabecca sanathawe. Chitseko chinali kumbuyo kwake, chosakhoma, ndipo miyendo yake inkaidziwa njira, koma anaima pomwepo. Dzanja lake linali lidakali lotambasula m'malere mmene Biswick analisiyira, ndipo linali litayamba kuzizira.